Zolemba za ntchito yogulira pamodzi: klorini, magambutsi ndi gireda imodzi

Julayi, sabata yachiwiri

A bwana anati wina azilemba mmene zinthu zikuyendera, ndipo poti ine ndi amene ndinatsegula pakamwa pa miting'i ina basi ntchitoyi yagwera ine. Nkhani ndi iyi, makhonsolo atatu a kuno ku chigawo cha Lusaka tikufuna tiyese kugula zinthu zina pamodzi m'malo moti aliyense azithamanga yekha ku Kamwala kukasaka makotesheni atatu, komanso tizibwerekana makina. Maina sinditchula, mukudziwa kale ntchito za boma, ndingoti ife, a Gireda chifukwa ali ndi gireda yatsopano yopalira misewu, ndi a Thanki chifukwa ali ndi galimoto yopopa zimbudzi ija timangoti honey sucker. Ife tili ndi matipa awiri, imodzi ikuyenda.

Chinayambitsa zonsezi ndi kolera. Amene tinali pa ntchito kuyambira Okutobala 2023 mpaka miyezi yoyambirira ya 2024 sitidzaiwala, odwala anachuluka mpaka boma linasandutsa National Heroes Stadium kukhala chipatala, masukulu anachedwa kutsegulidwa mpaka Febuluwale, ndipo khonsolo iliyonse inkafuna klorini tsiku lomwelo kwa anthu omwewo. Ndinkaimba foni mmawa andipatsa mtengo, pofika masana LPO, pepala loitanitsira katundu, isanasainidwe mtengo wasintha, kenaka ndimva kuti katundu uja watengedwa ndi anzathu a khonsolo ya pafupi nafe. Tinkapikisana tokhatokha ndi ndalama za boma lomwelo. Ndiye chaka chino tati tigule mvula isanayambe, tigule limodzi.

Julayi, kumapeto

Miting'i yoyamba tachitira muno m'tauni chifukwa ndi pakati, aliyense amabwera kuno kale pa zinthu zina. Tinali anthu a procurement atatu, a stores, a Public Health ndi mainjiniya awiri. Titangoyamba kulemba mndandanda aliyense anabwera ndi zake, wina mapepala a printer, wina matayala, wina simenti, wina mpaka madesiki ati poti makhonsolo onse akugula madesiki ndi CDF, ndalama ya boma ya chitukuko imene imapita ku constituency iliyonse. Ndinaona kuti apa ndi ichi chakoma ichi chakoma, tigwa chagada. Tadula mpaka zatsala zitatu, klorini wa ufa uja wa HTH, magambutsi ndi ma work suit a anyamata otola zinyalala. Matayala tawasiya chifukwa magalimoto athu ndi osiyana mitundu, tikanakhala pamenepo mpaka Khisimisi.

Zitatu zomwezo zinatidyera tsiku lonse. Ife klorini timalemba pa ma kg, a Thanki amalemba pa zigubu osanena kuti chigubu chake ndi chachikulu bwanji, a Gireda pepala lawo linangoti chlorine basi, osanena mphamvu yake kaya ndi wa ufa kaya wa madzi. Amayi a ku Public Health a kwa a Gireda anachita manyazi nkunena kuti wogulitsa wawo amadziwa kale chimene amafuna. Eya amadziwa, koma ndiye kuti mtengo wanu simungauyerekeze ndi wa wina aliyense. Ma work suit nawonso wina akufuna a buluu wina obiriwira okhala ndi dzina la khonsolo kumsana. Tagwirizana kuti nsalu ikhale imodzi, mtundu umodzi, mzere wowala usiku ukhalepo, dzina aliyense akadindise yekha.

Mdala wina wa ku stores amene watsala pang'ono kupuma ntchito anatiseka pa lanchi. Anati ana inu mukuona ngati mwatulukira chinthu, nanga Lusaka Water ndi ya ndani? Ndipo akunena zoona, kampani ya madzi ija eni ake ndi makhonsolo, inayamba ngati ya khonsolo ya mzinda wa Lusaka kenaka makhonsolo ena a m'chigawo monga Kafue, Chongwe ndi Luangwa analowamo, ndipo ena mwa madzi amene timamwa m'tauni muno amachokera ku mtsinje wa Kafue ku Iolanda, dera la khonsolo ina. Ndinati amdala ndamva, koma ija ndi kampani ili ndi akaunti yakeyake, ife tikufuna kuchita popanda kutsegula kampani. Anangoti ndiye muona.

Ogasiti

Mwezi wa mapepala. Funso lalikulu linali loti tenda aitulutse ndani, chifukwa pa Public Procurement Act ya 2020 khonsolo iliyonse ndi yogula payokha, ili ndi komiti yake ya procurement ndi plan yake ya chaka, ndipo pa e-GP, njira ya pa intaneti ya ZPPA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma, umalowa ngati khonsolo yako osati ngati gulu la anzako. Tagwirizana kuti ife titsogolere, tenda ituluke m'dzina lathu koma yolemba poyera kuti katundu ndi wa makhonsolo atatu, aliyense adzasaina kontrakiti yake, adzalemba LPO yake ndi kulipira yekha. Ndalama zisadutse mu akaunti ya mnzako, a audit angatidye amoyo. Talembera ku ZPPA kufotokoza mmene tikufunira kuchitira kuti tisadzamve pambuyo kuti tinalakwitsa njira.

Kenaka nkhani inapita kwa makhansala, chifukwa popanda full council kuvomereza palibe chimene chingayende. Kwa ife inadutsa koma osati mofewa. Akhansala ena anaimirira nkunena kuti inu mukaphatikiza katundu wa makhonsolo atatu ndiye kuti tenda yakula, ndiye adzawina ndi anthu akuluakulu a m'tauni, nanga mnyamata wa mu wodi yanga amene analembetsa kakampani kake ku PACRA, ofesi yolembetsa makampani, ndipo amatisokera ma work suit adya chani? Kunena zoona ine funso limeneli linandigwira, sindinaliganizire. Mfundo yonse ya CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 inafika pa K36.1 miliyoni pa constituency iliyonse, inali yoti ndalama zizizungulira kwa anthu a komweko. Ndiye ife tikubwera ndi nzeru yoti tisonkhanitse zonse tipatse munthu mmodzi.

Tinachita chonchi, tenda taigawa m'maloti atatu, klorini payekha, magambutsi paokha, ma work suit paokha, ndipo ma work suit tawagawanso pa khonsolo pa khonsolo kuti telala wamng'ono athe kupikisana pa gawo limodzi lokha. Ndikudziwa kuti pamenepo taluza kuchotsera kumene tikanapeza pa ma work suit. Ndavomera. Klorini ndi magambutsi palibe amene amapanga mu wodi, amenewo agulidwe pamodzi basi.

Akhansala ena ananena mwambi uja wa mutu umodzi susenza denga anthu nkuomba m'manja, ine ndinangoyang'ana pansi chifukwa kugula zambiri nthawi imodzi pakokha sikutchipitsa chinthu. M'Zambia muno ndani sakumbuka magalimoto ozimitsa moto 42 a mu 2017 amene anagulidwa pa madola 42 miliyoni, ndipo anali opita ku makhonsolo omwewa. Anthu mpaka lero amawatchula akafuna kukuseka.

Seputembala, sabata yoyamba

Palibe chachitika. MoU, pepala la mgwirizano wathu, ili pa tebulo la a loya a khonsolo imodzi, ati akuonabe. Ndaimba kawiri. Magetsi kuofesi akuvutanso, ndakweza mapepala pa e-GP ndi intaneti ya pa foni yanga, mabandulo anga omwe.

Seputembala, kumapeto

MoU yasainidwa, tenda yatuluka, ndipo Lachinayi tinali ndi pre-bid meeting, msonkhano wa ogulitsa tenda isanatsekedwe. Apa ndi pamene ndaphunzira chinthu chimene ndikanayenera kudziwa kalekale, zaka zonsezi ndili pa desiki imeneyi.

Anabwera ogulitsa ambiri ndithu kuposa amene timawaona tikaitana tokha. Tinafotokoza zofunika zija za nthawi zonse, satifiketi ya PACRA, tax clearance ya ZRA a misonkho, NAPSA a penshoni, Workers' Compensation, kulembetsa pa e-GP. Onse anangogwedeza mitu, amazidziwa. Nthawi ya mafunso amayi ena achikulire amene amagulitsa mankhwala a madzi anaimika dzanja. Anati a bwana ine funso langa ndi limodzi, mwati makhonsolo atatu, olipira ndani? Ndinayankha monyadira kuti aliyense adzalipira gawo lake pasanathe masiku 30 katundu atalandiridwa. Holo yonse inaseka. Osati kuseka kwachipongwe ayi, kuseka kwa anthu amene anaimvapo nyimbo imeneyi.

Amayiwo anapitiriza, ndipo ndalemba mmene ndikukumbukira. Anati mwana wanga, iwe ukuganiza kuti mtengo umene timakupatsani ndi wokwera chifukwa mumagula pang'ono. Ayi. Klorini ine ndimaitanitsa kunja, ndimalipira ndi madola katundu asananyamuke, ndalama yake ndimakongola ku banki pa chiwongoladzanja, ndiye ndikakupatsani inu mundisunga miyezi isanu ndi umodzi ndikuyenda pa ofesi panu kumva kuti a Director of Finance atuluka. Pa miyezi imeneyo kwacha imatha kugwa, banki siyidikira. Zonsezo ndimaziika mu mtengo tsiku loyamba. Manje mwabwera atatu, kwa ine sindikuona kasitomala mmodzi wamkulu, ndikuona maofesi atatu oti ndizikayendako, ndipo mtengo ndiuika poganizira amene amachedwa kwambiri mwa inu atatu.

Ndinakhala chete. Mnzanga wa kwa a Thanki anayang'ana kudenga chifukwa tonse m'chipindamo tinkadziwa kuti wochedwa kwambiri ndi ndani. Bambo wina wa magambutsi anaonjezera kuti iye akamagulitsa kwa kampani ya migodi mtengo umakhala wina, kwa khonsolo wina, gambutsi yomweyo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, anatero.

Ndabwerera kunyumba pa basi ndikuwerengera m'mutu. Miyezi iwiri takhala tikukangana za mtundu wa nsalu ndi kukula kwa chigubu, pamene chinthu chimene chimakweza mtengo chili mu ofesi ya accounts khomo lachitatu kuchoka pa langa. Ndipo si kuti a accounts ndi oipa mtima, ndalama ya Equalisation Fund, imene boma limatumiza ku makhonsolo, ikabwera malipiro a antchito ndiwo amayamba, ma rates anthu salipira pa nthawi yake, levy ya m'misika imalowa pang'onopang'ono, ndiye wogulitsa klorini amakhala kumapeto kwa mzere chifukwa iye sangachite sitalaka.

Okutobala, sabata yachiwiri

Tatulutsa addendum, zoonjezera pa mapepala a tenda, ndi kuonjezera masiku otsekera tenda. Ndinapita kwa a Director of Finance athu ndi kuwafotokozera zonse zimene amayi aja ananena, ndinkaopa kuti andikalipira koma anangoti khala pansi, nkutenga calculator. Iwo ndi amene anaimbira anzawo awiri aja, ine sakanandimvera. Zimene zatuluka ndi izi, khonsolo iliyonse yalemba kalata yosainidwa ndi wamkulu wa khonsolo yotsimikiza kuti ndalama ya katunduyu yapatulidwa kale ndipo sikhudzidwa, makalata atatuwo taika mu tenda kuti ogulitsa awaone. Chachiwiri, amene ndalama yake siinakwane achepetse katundu pano osati kuitanitsa zambiri nkumadzalira pambuyo. A Thanki adula magambutsi awo pafupifupi theka. Zinawawa koma bola.

Chachitatu ndi chimene ndinalimbikira ine, katundu akafika GRN, pepala lotsimikiza kuti walandiridwa, isainidwe tsiku lomwelo. Masiku 30 aja amayamba kuwerengedwa pepala limenelo likasainidwa, ndipo ndaonapo ndi maso anga katundu ali mu stores sabata zitatu pepala likudikira munthu amene wapita ku maliro ku Chipata.

Okutobala, kumapeto

Evaluation, kuunika mapepala a ogulitsa, tachita masiku atatu, anthu awiriawiri kuchokera ku khonsolo iliyonse, mafoni pa tebulo. Za ndani wapereka zingati sindingalembe pano. Ndingonena kuti klorini watsika bwino ndithu poyerekeza ndi zimene ife tinalipira chaka chatha, ndipo ali pansi pa mtengo wa mu market price index, mndandanda wa mitengo ya pa msika wa ZPPA. Magambutsi atsika pang'ono. Ma work suit sanatsike nkomwe, gawo lina lakwerako, monga ndinanenera, koma magawo awiri mwa atatu apita kwa matelala a m'madera momwemo ndiye akhansala aja akundipatsa moni masiku ano.

Chimene sindingathe kulekanitsa ndi chakuti klorini watsika chifukwa cha kuchuluka kapena chifukwa cha makalata aja. Mtima wanga ukuti makalata. Mnzanga wa kwa a Gireda akuti kuchuluka. Tabetcherana nkhuku ya lokolo.

Wina anafunsa za alawansi ya masiku atatu aja kuti alipira ndani poti ife ndi otsogolera. Aliyense kwawo, zili mu MoU ndime yachisanu, mwamwayi a loya aja amene ndinkawadandaula anaiikamo.

Novembala

Katundu wafika. Klorini tasunga m'chipinda chouma chopita mphepo, kutali ndi dizilo ndi mafuta, chifukwa HTH akakhudzana ndi mafuta amatha kuyaka, ndipo akakhala potentha kapena ponyowa mphamvu imathawa. Izi a Public Health anatiphunzitsa titapeza kuti malo amene tinakonza poyamba anali pafupi ndi madiramu a oyilo. Magambutsi afika bwino kupatula kuti ife tinalemba masaizi aakulu okhaokha kuiwala kuti osesa mumsika ambiri ndi azimayi. Tasinthana ndi a Gireda amene anali ndi ang'onoang'ono ochuluka, tipa yathu inapita nkubwera tsiku limodzi. Mwina phindu loyamba looneka ndi maso la mgwirizano wonsewu ndi limeneli.

Manje gireda. Apa ndiye pavuta.

Pa pepala zinali zosavuta, a Gireda atibwereka makina masiku khumi pa mwezi, ife tithira dizilo ndi kulipira pa ola kuti ndalamayo izipita ku service, dalaivala abwera ndi wawo chifukwa safuna munthu wina aigwire. Chimene sitinaganize ndi choti misewu ya dothi imafuna gireda nthawi imodzi kulikonse, mvula yoyamba ikangogwa dothi lafewa, ndi nthawi yomweyo imene aliyense akufuna kukonza ngalande madzi asanadule msewu. Mu Ogasiti gireda inangokhala pa yadi palibe amene ankaifuna, dothi louma gwa ukapala limangosanduka fumbi pokhapokha ukhale ndi bauza ya madzi, imene tonse atatu tilibe yabwino. Mvula yagwa, masiku athu akwana, ndaimba foni, ati pepani makina ali ku wodi ina anthu atseka msewu ndi mitengo akufuna aone gireda lero.

Ndipo sindingawanene kwambiri. Gireda ija inagulidwa ndi CDF ya constituency yawo, anthu a kumeneko amaidziwa kuti ndi yawo, a WDC, komiti ya chitukuko ya mu wodi, anaipempha okha. Aione ikukwezedwa pa lowbed, lole yonyamula makina, kupita ku dera lina msewu wawo uli ndi maenje, a MP awo ayankha chani? Lowbed yomweyo ndi nkhani ina, palibe amene ali nayo, kubwereka kupita ndi kubwera kukudya ndalama imene tinkati tapulumutsa. Kuiyendetsa yokha pa tala mtunda wonsewo injiniya wawo wakana, ati matayala atha ndipo tayala limodzi la gireda mukulidziwa mtengo wake.

Dizilo nayenso, ERB, bungwe loona za mafuta ndi magetsi, imalengeza mtengo mwezi ndi mwezi, ife mu MoU tinalemba ndalama pa ola osati malita pa ola. Kulakwa kwanga kumeneko, ndine ndinalemba ndime imeneyo. Tikonza.

Mpaka pano gireda yabwera kwa ife kamodzi, masiku anayi, tsiku limodzi linathera kudikira mpeni wake wakutsogolo uja umene unatha. Injiniya wathu akuti chaka chamawa tisamagawane masiku pa mwezi, tigawane misewu ya m'malire, gireda ikakhala kumapeto kwa dera lawo ingolowa kwathu makilomita angapo nkubwerera osafuna lowbed. Zikumveka, misewu yambiri ya mafamu ija siidziwa malire a khonsolo.

Thanki yopopa zimbudzi yokha ndiye ikuyenda bwino modabwitsa, mwina chifukwa imayenda yokha pa msewu ndipo chimbudzi cha pa msika chikadzaza palibe amene amafunsa kuti galimoto ndi ya constituency iti. Yabwera katatu, log book ikulembedwa, dalaivala ndi mnyamata waulemu. Tamupatsa magambutsi.

Disembala, sabata yachiwiri

Masiku 30 akwana. Ife talipira pa tsiku la 26, ndinapita ndekha ku accounts kukaima pakhomo mpaka ndinaona kuti yadutsa. A Gireda alipira pa tsiku la 29. A Thanki sanalipire klorini.

Ndalama ija inali yopatulidwa, kalata ilipo, koma kunabwera nkhani ya malipiro a antchito a mwezi wa Novembala ndipo mukudziwa chimene chimachitika. Mnzanga wa kumeneko sakuyankha foni bwinobwino, akungotumiza mauthenga pa WhatsApp kuti sabata yamawa. Amayi a klorini aja, inde ndi iwo anawina, anandiimbira Lachiwiri. Sanakalipe. Anangoti mwana wanga ndinakuuza, ndipo ine ndinati amama ndamva, ndipatseni sabata imodzi. Kontrakiti si yanga, ngongole si ya khonsolo yathu, koma tenda inatuluka m'dzina lathu ndipo amene anaima kutsogolo nkunena masiku 30 holo nkuseka ndine.

A Director athu akuti chaka chamawa tiike mu MoU kuti amene sanamalize kulipira za chaka chatha salowa nawo mu tenda yotsatira. Ine ndikugwirizana nazo theka, chifukwa tikawatulutsa a Thanki ndiye thanki ipita nawo, ndipo Januwale akubwera, zimbudzi za m'misika zidzasefukira. A Gireda akuti iwo za matayala ndi simenti akufuna tiyambe kukambirana mu Febuluwale, ndawauza kuti tidikire kaye tione klorini walipiridwa.

Lolemba ndikupita ndekha kwa a Thanki ndi a Director athu, galimoto yapezeka koma mafuta ndithira ine adzandibwezera. Ndatenga kope ya kalata yawo ija, ndatenganso ndime ya dizilo yokonzedwa kuti a Gireda asaine pobwerera ngati tipeza injiniya wawo asanapite ku site.